Masewero a Amwenye a ku Durban pa Nthawi ya Tsankho

Masewero awa ndi amene Amwenye a ku South Africa anali kulemba ndi kuonetsa, makamaka mumzinda wa Durban, pa nthawi ya ulamuliro wosankhana mitundu wa apartheid, kuyambira 1948 mpaka 1994.

Amwenye oyamba anafika ku Natal mu 1860 kudzagwira nchito m'minda ya nzimbe ya Azungu. Lamulo la Group Areas Act la mu 1950 linagawira mtundu uliwonse malo okhala. Pambuyo pake boma linacotsa anthu ku Cato Manor: Amwenye ambiri anapita ku Chatsworth, ndipo anthu akuda anapita ku KwaMashu ndi Umlazi. Kuyambira mu 1965, anthu a mitundu yosiyana sanaloledwe kusewera kapena kuonerera pamodzi popanda cilolezo. Conco ambiri anali kusewerera m'maholo a sukulu ndi a m'makomboni.

Ronnie Govender, amene anabadwira ku Cato Manor mu 1934 ndi kumwalira mu 2021, anali mmodzi wa anthu amene anayambitsa gulu la Shah Theatre Academy. Sewero lake lochuka, The Lahnee's Pleasure, limacitikira m'bala ya hotela. Liwu lakuti “lahnee” limatanthauza bwana. Seweroli limaonetsa anchito osauka aciMwenye amene amayenera kugwada kwa bwana Mzungu kuti asacotsedwe nchito, ndipo amalankhula Cingelezi ca kwawo ca tsiku ndi tsiku.

Kessie Govender, m'sewero lake la Working Class Hero, anatembenuza kalilole. Nkhani yake imacitikira pamalo omanga nyumba, pamene anchito aciMwenye, oponderezedwa okha-okha, amanyoza mnzawo wakuda. Strini Moodley ndi Saths Cooper, a gulu la masewero la TECON, anagwirizana ndi Steve Biko polimbana ndi tsankho, ndipo anatsekeredwa m'ndende ya pa Robben Island.

Nkhaniyi si yacilendo kwa ife a ku Chama. Amwenye a masitolo a ku Chipata ndi Lundazi anayamba kukhazikika kuno pa nthawi ya Northern Rhodesia, pamene Azungu anali pamwamba, Amwenye pakati, ndipo anthu akuda pansi. Masewero a ku Durban anaulula zowawa za kukhala pakatipo, koma sanabise kuti wonyozedwa nayenso angathe kunyoza mnzake.