Laibulale ya Parishi ndi Malo a Zaluso: Chiyambi, Umwini ndi Kasamalidwe Kake

Laibulale ya parishi ndi nyumba kapena chipinda chimene akhristu amasonkhanitsiramo mabuku, nyuzipepala ndi zolembedwa zina kuti aliyense wa m'deralo aziwerenga kapena kubwereka. Pambali pake pamatha kukhalanso malo a zaluso, pomwe oimba, ochita zisudzo, osema, osoka ndi olemba ndakatulo amagwirira ntchito yawo ndi kuphunzitsa ena. Ntchito yotereyi imayamba mosavuta, koma kuti ikhalitse pamafunika kuyankha funso limodzi kuyambira tsiku loyamba: kodi mwini wake ndani? M'maparishi ena muli makatoni a mabuku amene wansembe kapena mlendo wina anasiya. Atachoka iye, chitseko chinakhomedwa, ndipo chiswe chinatsiriza ntchito. Laibulale imene akhristu anaisonkhera okha siitha motero.

MPINGO NDI MABUKU

Mpingo wakhala ukusunga mabuku kuyambira kale. Paulo Woyera ali m'ndende anapempha Timoteo kuti amubweretsere mabuku ake ndi zikopa zolembapo (2 Timoteo 4:13). Malamulo a Benedikto Woyera, m'mutu 48, amanena kuti pa nyengo ya Lenti mmonke aliyense alandire buku ndi kuliwerenga lonse mwadongosolo. Amonkewo ndiwo anakopera pamanja mabuku ambiri akale, achipembedzo ndi ena omwe, nawapulumutsa kuti asatayike. Papa Sixtus IV anakhazikitsa mwalamulo laibulale ya ku Vatican m'chaka cha 1475, ndipo mu 1994 bungwe la Apapa loona za chuma cha chikhalidwe cha Mpingo linalembera maepiskopi kalata yowakumbutsa za ntchito ya malaibulale pa utumiki wa Mpingo.

Kuno kwathu, amishoni amene anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902 anatsegula sukulu limodzi ndi matchalitchi, ndipo akatekisiti oyamba anali aphunzitsi a kuwerenga. Pambuyo pake Mpingo unakhala ndi nyumba zake zosindikizira mabuku, monga Likuni Press ku Lilongwe ndi Montfort Media ku Balaka. Parishi imene ikutsegula laibulale ikupitiriza ntchito imeneyi.

CHIFUKWA CHAKE IKUFUNIKA

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana ambiri aphunzira kuwerenga, koma m'nyumba zambiri mulibe chowerenga. Munthu wosiya kuwerenga amaiwala pang'onopang'ono, ndipo tsiku lomwe wapemphedwa kuwerenga Mawu a Mulungu ku Mphakati amadandaula za maso. Bungwe la National Library Service, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, koma wokhala kutali ndi boma sangalipire galimoto kuti akabwereke buku limodzi.

Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ikusonyeza zimene kachipinda ka mabuku kangachite. Pa njala ya 2001 mpaka 2002 iye anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. M'laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya kwawo anapezamo buku lotchedwa Using Energy, ndipo poona zithunzi zake anapanga makina opukusidwa ndi mphepo amene anayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Bukulo linamufika chifukwa linali pafupi, ndiponso chifukwa panali munthu wotsegula chitseko.

UMWINI

Maepiskopi a m'chigawo cha AMECEA anagwirizana mu 1973 ndi mu 1976 kuti Miphakati ikhale maziko a moyo wa Mpingo, ndipo Sinodi ya Dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, motsogozedwa ndi Ambuye Patrick Kalilombe, inatsindika za Mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa. Laibulale ya parishi iyenera kubadwa mu mzimu womwewo. Nkhani yake iyambe yakambidwa m'Miphakati ndi m'nthambi, kenaka ifike ku Bungwe la Parishi. Mutu umodzi susenza denga.

Malamulo a Mpingo, nambala 532 ndi 537, amapereka kwa Bambo Mfumu udindo woimira parishi ndi woona kuti katundu wake akusamalidwa, mothandizidwa ndi bungwe la zachuma. Choncho laibulale yokhala pa malo a parishi ndi katundu wa parishi, wolembedwa m'kaundula wake. Komiti kapena munthu amene anapereka mabuku ochuluka asaiyese yake. Ngati nyumbayo imangidwa pa malo a mudzi, pakhale pangano lolembedwa pakati pa parishi ndi mfumu ya m'deralo. Zimenezi zimateteza laibulale pamene wansembe wasamutsidwa kapena komiti yasintha.

Komiti yoyendetsa ikhale ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi oimira akatekisiti, amayi, achinyamata, kwaya ndi aphunzitsi. Malamulo ake alembedwe m'Chichewa chomveka: nthawi yokhala pa udindo, masiku otsegula, ndi chimene chichitike buku likatayika. Kamodzi pa chaka komiti ifotokozere akhristu onse chiwerengero cha mabuku ndi mmene ndalama zayendera. Khomo likhale lotsegukira aliyense, Mkatolika, wa mpingo wina, Msilamu kapena wotsata chipembedzo cha makolo.

POYAMBIRA

Kumanga nyumba yatsopano kungadikire. Chipinda chimodzi cha holo ya parishi, chouma, chowala ndi chokhomeka bwino, nchokwanira. Kabati imodzi, benchi ndi mikeka ingapo ndiwo katundu woyamba.

Mabuku oyamba achokere kwa akhristu eni ake. Lamulungu lina lisankhidwe kuti banja lililonse kapena Mphakati uliwonse upereke buku, kapena chopereka chogulira buku. Pa nyengo ya masika, Miphakati ingathe kupatula chitini cha chimanga kapena mtedza kuti chigulitsidwe. Thandizo lakunja libwere kudzaonjezera pa zimene zilipo kale. Komiti ingalembere ku National Library Service, komanso kwa ana a parishi okhala m'mizinda kapena kunja kwa dziko. Polemba, itchule mabuku amene ikuwafuna, ndipo isachite manyazi kukana mabuku othaitha kapena a m'zilankhulo zimene palibe amazimva, chifukwa amangodzaza mashelefu.

Buku lililonse likafika lidindidwe chidindo cha parishi, lipatsidwe nambala, ndipo lilembedwe m'kaundula wa katundu: nambala, mutu, mlembi, kumene lachokera ndi tsiku lofika. Kaundula wachiwiri ndi wa obwereka. Milungu iwiri ndi nthawi yokwanira kukhala ndi buku. Wobwereka wosadziwika aperekezedwe ndi kalata ya wapampando wa Mphakati kapena ya mfumu ya mudzi wake. Posanja mabuku, mitundu ya utoto pamsana pa buku imathandiza ngakhale mwana: wina wa zauzimu, wina wa zasukulu, wina wa ulimi ndi umoyo, wina wa nthano. Nthambi zakutali zitumiziridwe bokosi la mabuku makumi awiri kapena atatu, losinthidwa pa ulendo wa wansembe kapena wa katekisiti.

MABUKU OYENERA KUPEZEKAMO

Poyamba pakhale Baibulo: Malembo Oyera a mu 1966 ndi Buku Loyera la mu 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi. Pakhalenso Katekisimu, mabuku a nyimbo ndi mapemphero, mbiri za oyera ndi makalata a Maepiskopi athu, kuphatikizapo kalata ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, imene achinyamata ambiri amangoimva mbiri osaiwerenga. Mabuku amenewa, pamodzi ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, aziwerengedwa pomwepo osatuluka nawo.

Mabuku a Chichewa apatsidwe shelefu yoonekera, monga Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Josia Ntara, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, Ntchito za Pakamwa la E.J. Chadza ndi Njala Bwana la Willie Zingani. Bambo Joseph Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2000 ya Chinyanja m'buku la Wisdom of the People, lothandiza kwambiri olalika. Ophunzira amafuna mabuku a silabasi imene ikuphunzitsidwa panopa, ndipo alimi amafuna za mbewu, ziweto ndi kusamala nthaka. Ana aang'ono asaiwalike: mabuku a zithunzi aikidwe pansi pomwe manja awo angafike.

MALO A ZALUSO

Chitsanzo chodziwika ndi malo a Kungoni ku Mua m'Dayosizi ya Dedza, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko osema ambiri anaphunzira luso lawo, ndipo nyumba ya Chamare imasunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Parishi ingatengerepo phunziro pa mlingo wake. Khonde lofolera bwino, lotalikirako ndi owerenga, lingakhale pophunzirira kwaya, zisudzo za Khrisimasi ndi Njira ya Mtanda, kusoka, kuluka ndi kujambula. Zipangizo monga ng'oma, visekese, makina osokera, sompho ndi kompyuta zilembedwe m'kaundula ngati mabuku, ndipo ndandanda wa masiku a gulu lililonse upachikidwe pakhoma kuti pasakhale kukanganirana malo. Gulu likagulitsa zimene lapanga, gawo lomwe munagwirizana lipite ku thumba lokonzera zipangizo.

Pamalo pomwepa parishi ilembe mabuku akeake. Achinyamata akhale pansi ndi agogo, alembe mbiri ya tchalitchi chawo, mayina a akatekisiti oyamba, nthano ndi miyambi. Opeka nyimbo asiye kope la nyimbo zawo, lolembedwa dzina la wopeka. Zimenezi sizigulidwa m'sitolo iliyonse, ndipo mkulu wozidziwa akamwalira zisanalembedwe zimapita naye. Tikumbukirenso kuti lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza olemba ndi oimba. Kuchulukitsa buku lonse la munthu popanda chilolezo nkumulanda thukuta lake.

ADANI A MABUKU

Chiswe, makoswe, mphemvu, chinyontho ndi moto ndiwo adani a mabuku. Mashelefu asagunde khoma, ndipo shelefu yapansi italikirane ndi simenti. Denga lionedwe mvula isanayambe. M'madera osefukira madzi, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabuku ndi makaundula akhale pamwamba. Makandulo, nyali za parafini ndi zakudya zisalowe m'chipindamo. Nyali za sola nzabwino. Moto umene unatentha laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015 unaononga mabuku zikwizikwi usiku umodzi. Chifukwa cha ichi, zolembedwa za parishi zimene zilibe kope lina zijambulidwe ndi kusungidwanso ku likulu la dayosizi. Koma kusamala kusasanduke kumana: buku long'ambika chifukwa chowerengedwa limamatidwa, pomwe lokhomeredwa m'kabati silithandiza munthu.

UDINDO WA AKATEKISITI

Akatekisiti ndiwo amakumana ndi anthu ochuluka: ana a Tilitonse, ophunzira za Ubatizo ndi Ulimbitso, ndi okonzekera Ukwati. Iwo ayambe kubwereka, atchule m'maphunziro buku limene lili pa shelefu, ndipo apatule mphindi zowerengera ana mokweza. Akuluakulu osadziwa kuwerenga aitanidwe mwaulemu ku sukulu ya kwacha pamalo pomwepo.

Lorenti Woyera, dikoni wa ku Roma amene anafera chikhulupiriro m'chaka cha 258, ndiye nkhoswe ya osunga mabuku. Tsiku lake, pa 10 Ogasiti, lingakhale tsiku lowerengera mabuku onse, lobweza obwerekedwa popanda chindapusa, ndi lolandira atsopano. Miphakati imene ili ndi chidwi iyambe kukambirana, ndipo ipereke maganizo ake kwa Bambo Mfumu kudzera ku Bungwe la Parishi.