NSALU NDI SINGANO

Kale makolo athu ku Ngauma, Mandimba ndi Cuamba ankavala nyanda. Ankasenda khungwa la mombo n'kulisula mpaka lifewe. Kenaka amalonda a Ciyao anabweretsa nsalu kucokera ku Kilwa, koma zinali za mafumu ndi anthu olemera.

M'caka ca 1938 boma la Apwitikizi linakhwimitsa lamulo lokakamiza anthu kulima thonje. Amayi ankalima, mwana ali kumsana. Thonjelo linkapita ku Portugal pa mtengo wocepa. Wolima thonje ankavala sanza! Lamuloli linathetsedwa mu 1961.

Titalandira ufulu mu 1975, bungwe la amayi la OMM linalimbikitsa amayi kuphunzira kuwerenga ndi kusoka.

Mayi wacitsikana amayamba ndi cigamba pa malaya a khanda lake. Mawa wasoka kacipewa, mkuja kadiresi ka kapulana. Akaona mwana wachena ndi covala ca m'manja mwake, singano saisiyanso.

Kusoka kumafuna kuyeza. Amene adziwa manambala saononga nsalu, ndipo wamalonda samunamiza. Tiyeni tigwire pensulo ndi singano yomwe.