Zidole zadongo zinayamba mphika usanabwere

Ambiri timaganiza kuti munthu anayamba kuotcha dongo chifukwa chofuna mphika. Koma zimene akatswiri ofukula zakale anapeza ku Dolní Věstonice, m'dziko la Czech Republic, zikusonyeza kuti chifaniziro ndicho chinatsogola, mphika n'kudza pambuyo.

Mu July 1925, gulu la Karel Absolon linafukula m'phulusa kachifaniziro ka mayi, kotalika masentimita 11, katathyoka pawiri. Kanaumbidwa zaka zoposa 25,000 zapitazo, pomwe mapale akale kwambiri a miphika, amene anapezeka m'phanga la Xianrendong ku China, ali ndi zaka pafupifupi 20,000.

Eni ake a kachidoleka anali alenje a m'nyengo ya chisanu choopsa, osaka njovu zaubweya zotchedwa mammoth. Khasu sankalidziwa, mbiya analibe, komabe ankakhala pansi n'kumaumba mikango, zimbalangondo, zipembere ndi njovu zomwezo. Zidutswa za zoumbazi zinapezeka masauzande.

Chozizwitsa n'choti pafupifupi zonse n'zosweka. Mu 1989, Pamela Vandiver, Olga Soffer ndi anzawo anasonyeza kuti ming'alu yake inadza ndi moto. Woumba aliyense amadziwa kuti dongo likalowa pamoto lisanaume limaphulika. Akatswiriwa anaganiza kuti alenjewo ankaziphulitsa dala, mwina pamwambo wina, ngakhale ena amati kunali kulephera chabe kwa anthu ongoyamba luso. Ofufuza ena anapezanso chidindo cha chala cha mwana pa kachifaniziro ka mayi kaja. Mwanayo anakagwira dongo likadali lofewa.

Kuno ku Africa lusoli lili ndi mbiri yakeyake. Ku Schroda, pafupi ndi mtsinje wa Limpopo ku South Africa, Edwin Hanisch anafukula zidutswa zambirimbiri za tizidole ta anthu, nyama ndi mbalame, toumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ofufuza ambiri amati tinkagwira ntchito polangiza anamwali, monga zimachitira zoumba za Abemba a ku Zambia zotchedwa mbusa. Ngati ndi choncho, dongo linali buku la anamkungwi.

N'chifukwa chake kachidole kotuluka m'nthaka sikoyenera kukapeputsa. Kakachotsedwa pamalo pake mwachisawawa, zaka zake ndi tanthauzo lake zimatayika. Mukakapeza polima kapena pokumba maziko, kasiyeni pomwepo ndipo dziwitsani akuluakulu a nyumba yosungiramo zakale.