Masewela a pa Intaneti: Seva ya Osewela Eni Ake ndi Matchmaking

Acinyamata a ku Kitwe ndi ku Ndola amene amacita masewela a pa intaneti amapeza anzao osewela nao m'njila ziwili. Yoyamba ndi kulowa pa seva, ndiko kuti kompyuta yosungila masewela, yoyendetsedwa ndi osewela eni ake. Yaciwili imachedwa matchmaking, pamene makina a kampani ndiwo amasankhila munthu anzake molingana ndi luso lake.

Njila yoyamba ndiyo yakale. Masewela a Counter-Strike, amene anayamba mu 1999, anali kulola aliyense kutsegula seva yake. Mwini seva anali kuika malamulo ndi kuthamangitsa wobela kapena wotukwana. Seva yotele ifanana ndi bwalo la mpila la m'komboni: obwela amadziwana maina, ndipo wolakwa lelo adzaonana ndi omwewo mawa.

Matchmaking inafala ndi masewela a Halo 2 mu 2004. Mu 2009, opanga Call of Duty: Modern Warfare 2 anacotsa maseva a osewela pa kompyuta, ndipo ambili anadandaula kwambili. Ubwino wake ulipo ndithu: wophunzila kumene kawilikawili amapatsidwa ofanana naye, osati akatswili.

Koma kwa osewela a ku Migodi, nkhani yaikulu ndi mtunda. Zambia ilibe gombe la nyanja yamcele, motelo uthenga wopita kutali umadutsa m'maiko oyandikana nafe usanafike pa nthambo za pansi pa nyanja. Nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwelela imachedwa ping. Kampani ya Valve ili ndi maseva ku South Africa, koma masewela ena amatumiza wosewela ku Ulaya, kumene ping imapitilila mamilisekondi 100. Pamenepo munthu amaombeledwa asanamuone mdani wake. Makompyuta olumikizidwa m'cipinda cimodzi, monga m'makafe a intaneti, amacedwa ndi mamilisekondi owelengeka cabe.

Komabe seva ya osewela ifuna woisamala, ndalama za intaneti ndiponso magetsi osazima. Mu 2024, madzi atacepa m'damu la Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku. Ndiponso masewela ambili a pa foni, amene acinyamata oculuka amakwanitsa, salola munthu kusunga seva pa kompyuta yake.