Kodi "boma" ndi chiyani kwenikweni?

Ena amaumirira kuti "boma" ndi chidule cha mawu a Chingelezi. Ayi ndithu! Liwuli lidachokera ku Chiswahili, komwe limatanthauza linga kapena khola lotchingidwa ndi mpanda. Azungu oyamba kulamulira kuno ankamanga ofesi, khoti ndi ndende m'kati mwa linga lotere. Pambuyo pake kudabwera nyumba za njerwa, za makonde aakulu othawirako dzuwa, momwe Bwana DC ankaweruzira milandu. Mpanda udatha, koma dzina lidakanirira pamalopo, kenako lidagwiranso ulamuliro womwe.

Lero kwa Kalindawalo ku Petauke kapena kwa Ndake ku Nyimba, mlandu ukakanika pabwalo la amfumu mudzamva wina akuti, "Alamu, tikaonana ku boma." Musaganize za nduna za ku Lusaka. Akunena khoti la kutauni.