Dawe

Dawe ndi chomera chofanana ndi udzu, cha m'banja la Cyperaceae limodzi ndi gumbwa. Saferatu m'chilimwe: timbatata take timagona pansi kudikira mvula yoyamba.

Pofuna kumuzindikira, gwirani phesi lake ndi kulizunguza pakati pa zala. Lili ndi ngodya zitatu ndipo lilibe mfundo, pomwe phesi la udzu weniweni ndi lobulungira, lamfundo. Masamba, osalala ndi onyezimira, amatulukira m'munsi.

Dzinali limakuta mitundu iwiri yomwe Linnaeus adaitcha maina mu 1753. Cyperus rotundus ali ndi ngayaye zofiirira, ndipo timbatata take ndi takuda, towawa, tonunkhira, tolumikizana motsatizana. Cyperus esculentus ali ndi ngayaye zachikasu ndi timbatata totsekemera pang'ono, kamodzi kunsonga kwa muzu uliwonse. Ku Valencia, m'dziko la Spain, mtundu wachiwiriwu amachita kuulima.

Kwa Zulu ku Mchinji, dawe amakonda m'madambo, m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ndiponso m'minda ya chimanga ndi mtedza momwe madzi amachedwa kuphwa. Kupalira chapamwamba n'kudzivuta chabe: khasu likadula mizu, kambatata kalikonse kotsala kamaphuka pakokha.