Cuma ca masiye cimene cinapita kwa ana a eni

Pa 1 Julayi 1928 munthu wina wa ku America, dzina lake Avery Hopwood, anamwalira akusambira m'nyanja pa gombe la Juan-les-Pins, kumwera kwa France. Anali ndi zaka 46. Sanakwatire ndipo analibe mwana, koma cuma anali naco cambiri, ndipo inu mukudziwa phokoso limene limabuka pamudzi munthu wotere akatsikira kuli cete. Iye anali atakonzeratu. M'kalata ya masiye, imene pa Cipwitikizi amati testamento, analemba kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a cuma cake lipite ku univesidade ya Michigan, kumene iye anamaliza maphunziro mu 1905. Anafuna kuti caka ndi caka ophunzira amene alemba bwino nkhani zopeka, zisudzo, ndakatulo ndi nkhani zolongosola zinthu azipatsidwa mphoto ya ndalama. Amayi ake, a Jule Hopwood, atamwalira caka cotsatira, gawolo linaperekedwa, ndipo linaposa madola 300,000. Mphoto zoyamba zinagawidwa mu 1931. Mpaka lero zikugawidwabe, m'dzina la mwana ndi mayi ake.

Cumaco Hopwood anacipeza poseketsa anthu. Anabadwira ku Cleveland mu 1882, anayamba ngati mtolankhani, kenako anapita ku New York nayamba kulemba zisudzo zoonetsa ku Broadway, msewu wa nyumba zikuluzikulu za zisudzo. Zambiri zinali za amuna ndi akazi onamizana, kubisalirana kuseri kwa zitseko ndi kusocera m'zipinda za eni usiku. Anthu ankazikonda kwabasi. Mu 1920 zisudzo zake zinayi zinkaonetsedwa ku Broadway nthawi imodzi. Cina ca 1921, The Demi-Virgin, cinafika mpaka kubwalo la milandu cifukwa ena ankati ncolaula. Aphunzitsi a ukacenjede sakanaika zisudzo zotere pa mndandanda wa mabuku owerenga m'kalasi, koma ndalama zake anazilandira ndi manja awiri.

Kayendetsedwe ka cumaci nkoyenera kukamvetsa, cifukwa ndiko kacititsa kuti cikhalepo zaka zoposa 90. Univesidade sinaloledwe kugawa ndalama zonse nthawi imodzi. Inayenera kuziika pamalo pamene zimabereka phindu, ndi kugawa phindu lokhalo. Woweta ng'ombe amva msanga: ng'ombe siiphedwa, imangokamidwa. Wophunzira wofuna kupikisana amapereka zolemba zake pa dzina lobisalira, kuti oweruza asadziwe kuti ndi mwana wa yani, ndipo pakati pa oweruzawo pamakhala alembi ocokera kunja kwa sukuluyo. Hopwood anaonjeza mfundo ina imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse. Ananena kuti ophunzira asamangidwe pa mitu ya m'kalasi, koma apatsidwe ufulu waukulu, ndipo zolemba zatsopano, zacilendo ndi zogwedeza maganizo akale zilimbikitsidwe kwambiri. Anthu ambiri opereka thandizo amafuna kuti wolandirayo aziwaombera m'manja ndi kulankhula zimene iwo akufuna kumva. Uyu anapempha zosiyana.

Nthawi imene mphotozi zinayamba inali ya njala ya ndalama. Mu 1929 malonda a ku America anagwa, mabanki ambiri anatseka, ndipo anthu mamiliyoni anakhala opanda nchito. Mabanja anayamba kuitana ana awo kuti abwere kunyumba cifukwa ndalama za sukulu zinali zitatha. Pa nthawi yotere, mphoto ya madola mazana angapo inali cinthu cimene cikanagamula ngati wophunzira apitiriza kapena anyamula katundu wake.

Taonani Arthur Miller. Bambo ake anali ndi malo osokera majasi ku New York, ndipo kugwa kwa malonda kuja kunawasiya manja lende. Mnyamatayo anagwira nchito m'nyumba yosungira zitsulo za magalimoto, akusunga pang'onopang'ono, mpaka mu 1934 anakwanitsa kulowa ku Michigan. Kumeneko ankatsuka mbale kuti apeze cakudya. Pa chuthi ca mu 1936, m'masiku osapitirira sabata imodzi, analemba cisudzo cake coyamba, No Villain, conena za banja la munthu wosoka majasi pa nthawi imene anchito ake ananyanyala nchito. Sanapite kutali kukafuna nkhani, anangolemba za pakhomo pawo. Anapata madola 250, ndipo caka cotsatira anapambananso ndi cisudzo cina. Patapita zaka 13 kucokera pa mphoto yoyamba ija, mu 1949, anatulutsa Death of a Salesman, cisudzo cimene lero cimaonetsedwa m'zinenero zambiri pa dziko lonse.

Koma nkhani imene ndikufuna amayi a m'midzi yathu aimve ndi ya Betty Smith. Iye anabadwa mu 1896 m'banja losauka ku Brooklyn, ndipo anasiya sukulu ali ndi zaka pafupifupi 14 kuti akagwire nchito yothandiza pakhomo. Ku Ann Arbor, tauni imene kuli univesidadeyo, anapitako cifukwa mwamuna wake ankaphunzira za malamulo kumeneko. Iye anali mayi wa ana aakazi awiri, wopanda pepala la sekondale limene likanamulola kulembetsa ngati wophunzira weniweni. Anamulola kukhala nawo m'makalasi mwapadera. Mayi ameneyu, amene analowa ngati mlendo wokhala pa mphasa ya kukhomo, anapambana mphoto ya Hopwood ndi cisudzo m'zaka zoyambirira zenizeni za mpikisanowu. Mu 1943 anatulutsa A Tree Grows in Brooklyn, nkhani yaitali ya kamtsikana kosauka kokonda kuwerenga. Bukulo linagulidwa kwambiri, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse linasindikizidwanso m'timabuku tating'ono tolowa m'thumba, togawira asilikali. Akanakhala kuti mlonda wa malamulo a sukulu anaumirira pa pepala la sekondale, mphotoyo ikanamuphonya.

Panalinso Mildred Walker, mkazi wa dotolo amene ankagwira nchito m'kamudzi ka oceka matabwa kumpoto kwa Michigan. Nkhani yake yaitali, Fireweed, yonena za moyo wa m'kamudzi kotero, inapambana mphotoyi ndipo inasindikizidwa mu 1934. Pambuyo pake anabwera ena monga Robert Hayden, mlakatuli wakuda wa ku Detroit, ndi Marge Piercy, mwana wa anchito wa mumzinda womwewo, amene mphoto yake inamuthandiza kumaliza sukulu.

Kodi ndalamazi zinkagula ciyani? Luso ayi. Miller, Smith ndi Walker anafika ndi nkhani zawo kale m'mutu, zocokera ku nyumba zawo. Cimene analibe ndi nthawi. Kulemba buku kumafuna miyezi yambiri yokhala pansi, ndipo munthu amene dzuwa lonse akutsuka mbale za eni madzulo amangogwa ndi tulo. Aliyense amene anayesapo kuwerengera mayeso pa nyengo ya kupalira akudziwa. Mphoto inkagula miyezi imeneyo. Inkagulanso cina cosaoneka ndi maso: mwana amene abale ake amati akutaya nthawi ndi zopeka amatha kubwera ndi kalata yosonyeza kuti anthu osamudziwa, amene sanaonepo ngakhale nkhope yake, awerenga nati izi nzabwino. Kunyumba kumakhala bata pang'ono. Ku univesidadeko kulinso cipinda ca Hopwood, m'nyumba yochedwa Angell Hall, mmene amasunga zolemba zimene zinapambana, zomangidwa ngati mabuku. Wophunzira watsopano angathe kutsegula zolemba za munthu wochuka ali mwana wa sukulu, naona kuti nayenso anayamba ndi mizere yopotoka.

Tisaikometse mopitirira. Opambana afika m'zikwi, ndipo ambiri a iwo maina awo sakudziwika kwa owerenga mabuku. Ena anakhala aphunzitsi, ena atolankhani, ena anasiya kulemba. Oweruza ndi anthu, amakonda zina nadana ndi zina. Ndipo colephera cacikulu nca pacipata: mphotoyi imafika kwa amene alowa kale mu univesidade, ndipo amalemba m'Cingerezi. Jesmyn Ward, mkazi wakuda wa m'kamudzi ka DeLisle ku Mississippi, analandira mphoto za Hopwood zisanu asanamalize maphunziro ake mu 2005. Caka comweco mphepo yamkuntho ya Katrina inasakaza kwawo, ndipo buku limene analemba pa za banja losauka loyembekezera mphepoyo, Salvage the Bones, linapata National Book Award mu 2011. Anapatanso mphoto yomweyo mu 2017. Koma asanafike ku Michigan panali dzanja lina: amayi ake ankagwira nchito ya m'nyumba, ndipo bwana wawo ndiye analipira sukulu yabwino imene mtsikanayo anaphunzirako ali wamng'ono. Ana ena a ku DeLisle, amene mwina ankadziwa kusimba nkhani mofanana naye, oweruza a Hopwood sanawawerengepo.

A ku Africa nawonso afikako. Chigozie Obioma wa ku Akure, ku Nigeria, anayamba waphunzira ku Cyprus, kenako analowa ku Michigan, kumene analandira mphoto za Hopwood pa nkhani zopeka ndi pa ndakatulo. Buku lake loyamba, The Fishermen, la anyamata anayi apacibale opita kukawedza kumtsinje woletsedwa, linatuluka mu 2015 ndipo linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker. Ulendo wake unadutsa maiko atatu kuti nkhani ya kumtsinje wa kwawo ipeze woiwerenga.

Pamene zonsezi zinkacitika ku Michigan, Moçambique analinso ndi wophunzira wake wolemba nkhani, ndipo mbiri yake inatha mwina. João Dias anabadwira ku Lourenço Marques mu 1926. Bambo ake, a Estácio Dias, anali mtolankhani wa nyuzipepala ya O Brado Africano. Pa nthawiyo m'dziko muno munalibe univesidade, yoyamba inakhazikitsidwa mu 1962, cotero mnyamatayo anaoloka nyanja kukaphunzira za malamulo ku Coimbra. Ali kumeneko ankalemba nkhani zazifupi zonena za moyo wa munthu wakuda pansi pa ulamuliro wa atsamunda. Anadwala cifuwa cacikulu namwalira ku Lisboa mu 1949, asanakwanitse zaka 23. Amene anazindikira kulemera kwa zolemba zake anali ophunzira anzake a ku Casa dos Estudantes do Império, nyumba yosonkhanirako ophunzira ocokera ku maiko olamulidwa ndi Portugal. Iwo anasonkhanitsa mapepala ake nawasindikiza mu 1952 pa mutu wakuti Godido e Outros Contos. Mwini wake sanaligwire m'manja. Nyumba ija nayo apolisi a PIDE anaitseka mu 1965. Lero bukulo limachulidwa pakati pa mabuku oyambirira a nkhani zopeka zolembedwa ndi mwana wa dziko lino. Tikamva za bolsa pa wailesi timaganiza za udotolo, uinjiniya ndi uphunzitsi, ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma João Dias anapita kukaphunzira malamulo ndipo cimene anatisiyira ndi nthano.

Nanga munthu woseketsa anthu ku Broadway uja, ncifukwa ciyani anapatula cuma cake kaamba ka ana a eni? Mbiri ya moyo wake ikupereka yankho lina. Hopwood sankakhutira ndi zisudzo zimene zinamulemeretsa. Ankafuna kudziwika ngati mlembi wa zinthu zozama, ndipo kwa zaka zambiri ankalimbana ndi buku limodzi lalitali, nkhani ya mnyamata waluso amene nyumba za zisudzo zinamugula ndi ndalama mpaka luso lake linaonongeka. Zisudzo zatsopano zinkafunika nyengo ndi nyengo, mowa nawo unkamudya, ndipo imfa inamupeza bukulo lisanasindikizidwe. Munthu amene anali ndi ndalama zogulira ena nthawi analephera kudzigulira yekha. Mapepala a bukulo anakhala m'malo osungira zolemba zakale kufikira Jack Sharrar, amene anafufuza mbiri ya moyo wake, anawakonza. Linatuluka mu 2011 pa mutu wakuti The Great Bordello, patapita zaka 83 mwini wake ali m'manda.